Ziwiri Kumanzere, Zinayi Kumanja

Loweruka lapitali tinakaika mwala pamanda a apongozi anga, a Delifina, poti chaka chakwana chitisiyireni. Mmisiri wolemba pamwalapo anandifunsa mawu oti aike pansi pa dzina. Ndinamuuza kuti dzina lokha ndi lokwanira. Zimene ndikanafuna kuti zilembedwe sizingakwane pamwala, ndipo zina mwa izo ndi mlandu wanga. N'chifukwa chake ndazilemba pano.

Aliyense amene anadutsapo pamalire a Mwanza m'zaka zambirizi anawaona, ngakhale sankawadziwa dzina. Ankakhala pamwala wathyathyathya pansi pa mtengo wa mango, pakati pa amayi ogulitsa nthochi ndi manachesi. Kutsogolo kwawo kunkakhala beseni lovundikira, ndipo pabesenipo pankaima akazi asanu ndi mmodzi oumbidwa ndi dongo, aliyense wamtali ngati chikhatho, wina mfuti ili paphewa, wina bokosi la zipolopolo lili pamutu. Madalaivala a mathiraki ankawatchula kuti a Kamarada, monga ankaitanirana asilikali a kutsidya. Ukalakwitsa n'kunena kuti zidole, tsiku lako laipa. Iwo ankati ndi atsikana awo.

Sankagulitsa. Ichi ndicho chinkasokoneza anthu, chifukwa pamalire chilichonse choikidwa pabeseni chimakhala ndi mtengo. Bwana wina wamkazi wa m'maofesi a pamenepo anawanyengerera mwezi wathunthu, ati akufuna akawaike patebulo pake anthu aziona kuti akazi nawonso anamenya nkhondo. A Delifina anamuyankha kuti ngati akufuna chokongoletsa tebulo akathyole maluwa. Iwo sanabwere pamalire kudzaonetsa luso. Anabwera kudzafunsa funso limodzi kwa aliyense wochokera kutsidya, makamaka okalamba. Ankaloza wamfupi kuposa onse, woima kutsogolo, n'kufunsa m'Chinyungwe ngati nkhope imeneyo akuidziwa.

Wamfupiyo, amene kunkhondo ankamutcha Mpheta, ndiye mayi wobereka mkazi wanga Rozina; a Delifina anangomulera. Zimenezi sizinali chinsinsi, mudzi wonse unkadziwa. Chimene sichinkadziwika ndi dzina lake lenileni ndi mudzi wakwawo, ndipo a Delifina analumbira kuti sadzafa asanakapereke Rozina kwa abale ake.

Ine ndine wokonza njinga, ndipo malo anga anali chakumtunda pang'ono, mbali ina ya msewu. Ndinakhala mkamwini wawo zaka zoposa makumi atatu, koma mawu amene tinalankhulana maso ndi maso sangadzaze chipewa. Anali a mwambo wakale. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire, ine n'kupatukira mbali inayo, njira n'kutsala yokha. Akafuna kanthu ankatuma Rozina, ngakhale ine nditakhala pomwepo pakhonde. Mfuti za atsikana awo ndinkadula ndine kuchokera ku masipoko a njinga, ndipo palibe ngakhale imodzi imene anailandira ulendo woyamba.

"Iwe Rozina, uwauze bambo a Tereza kuti mfuti iyi adulira munthu wamtali. Mpheta akaimika mfuti yake pansi inkamufika pabere. Iyi ikumufika pakhosi. Akufuna aziikoka ngati khasu?"

Ine ndinkamva zonsezo, komabe Rozina ankatembenuka n'kundibwerezera mawu onse, ndi khasu lomwe.

Poumba ankayeza ndi kabango kokhala ndi timizere. Mzere umodzi unkaimira chikhatho chimodzi cha munthu weniweni, ndipo muyeso wa onse unali thupi lawo lomwe. Ankati uyu ankandifika pakhutu, uyu ankandipitirira ndi zala zitatu, uyu tinkalingana koma anali wa matako. Wonyamula mankhwala anali ndi kachikwama kake, wonyamula mfuti yaikulu yonga paipi anali wopendekeka phewa limodzi chifukwa ndi mmene ankayendera. Ndinadabwa kwa nthawi yaitali kuti bwanji iwo eni sanali m'gulumo. Nditatuma Rozina kuti awafunse, anayankha kuti wamoyo saumbidwa, amangoyang'anidwa.

Sankawawotcha. Miphika ndi mitsuko imene ankaumba kuti tipeze mchere ndi sopo ankaiwotcha bwinobwino, koma atsikanawo ayi. Ankati moto umachepetsa dongo, muyeso umawonongeka, komanso iwo anaona anthu okwanira akupsa. Choncho ankangowaumitsa pamthunzi, n'kuwakulunga m'nsanza, n'kuwasunga m'chitini cha mabisiketi. Dongo losawotcha ndi mdani wa madzi, ndiye nyengo ya mvula ikafika a Delifina ankasanduka munthu wovuta kukhala naye. Kamtambo kakang'ono kakaoneka chakumapiri, chitini chatsekedwa kale. Akuluakulu ena a kutchalitchi anabwerapo kudzawalangiza kuti zinthu zoumba ngati anthu zimakayikitsa, anthu akunena zambiri. Anawalandira bwino, anawayalira mphasa, kenako anawauza kuti amene akuopa dongo asamadyenso ndiwo za mumphika. Sanabwerenso.

Mkangano umene anthu a pamalire amaukumbukirabe ndi wa a Fulaye, mkulu wina amene anagwirapo ulonda ndipo ankaona ngati yunifolomu ya ulonda inamusandutsa msilikali. Tsiku lina akusewera bawo chapafupi ananena mokweza kuti akazi kunkhondo ankangokaphikira asilikali ndi kuwafunditsa. A Delifina sanakane zophikazo. Anati ankaphika, inde, ndipo ankasenzanso mabokosi a zipolopolo pankhata masiku anayi osatula, mwana ali kumsana. Pakalira mfuti ankagona pansi n'kuwombera ngati wina aliyense, ndipo nkhondo ikatha tsiku limenelo amuna ankakhala pansi kupuma, akazi n'kunyamuka kukatunga madzi. A Fulaye anaseka. Pamenepo a Delifina anaimirira, anamasula chitenje mbali imodzi pamaso pa anthu onse, n'kuonetsa dzenje la chipolopolo pantchafu. Ine ndinali nditabwera kudzapereka njinga ya munthu. Ndinaisiya pomwepo n'kuthawira kuseri kwa thiraki, chifukwa ntchafu ya apongozi si chinthu choti mkamwini aone n'kukhalabe munthu. Ndinangomva mawu awo akufunsa a Fulaye kuti nawonso aonetse pamene mbava zinawalasa.

Nkhani ya Mpheta ndinaimva zidutswazidutswa, kudzera mwa Rozina komanso pomvetsera kuseri kwa mpanda. A Delifina analowa m'tchire ali namwali wamng'ono, pankhondo yothamangitsa Apwitikizi. Kumeneko aliyense ankapatsidwa dzina latsopano, ndipo kunali lamulo lolimba loti usauze mnzako dzina lako lenileni kapena mudzi wakwanu, kuti wina akagwidwa n'kuzunzidwa asaperekeze adani kwa makolo ako. Mnzawo wa pamtima anamutcha Mpheta chifukwa anali wamng'ono ndi wothamanga. Ankadyera mbale imodzi, kufunda bulangete limodzi, koma lamulolo analisunga. Chokhacho chimene Mpheta anafotokozapo chinali cha mphini za kumaso kwake. Patsaya lamanja anali ndi zinayi, lamanzere ziwiri zokha. Anati tsiku limene ankamutema, asilikali a Apwitikizi analowa m'mudzi, wotemayo anataya kampeni n'kuthawa, ndipo ntchitoyo sinamalizidwe. Khutu lake lamanja linali long'ambika pomwe panali ndolo.

Mpheta anabereka mwana kutchire komweko. Mwanayo asanayambe kukwawa, gulu lawo linapezedwa likuwoloka mtsinje, ndege zili pamwamba, asilikali ali kumbuyo. Panafunika wina wotsala kuti awachedwetse. Mpheta anali atalasidwa kale pamimba. Anamasula mwana, anamuponyera m'manja mwa a Delifina, n'kukwawira kuseri kwa chulu ndi mfuti yake. Anangonena kuti akapereke mwanayo kwa agogo ake. A Delifina anakuwa kufunsa kuti kuti, mudzi uti, koma Mpheta anali atatembenuka kale n'kuyamba kuwombera. Enawo anafera pamadzi. A Delifina anayenda masiku angapo, akutafunira mwana nzimbe ndi zipatso za m'tchire, mpaka anatulukira mbali ya kuno, chakufupi ndi Thambani. Mfuti anaikwirira m'munda wa eni ake. Kubwerera sakanatha, chifukwa wochoka popanda chilolezo ankatengedwa ngati wothawa nkhondo.

Mtendere utabwera anawolokapo kawiri kukafunsa. Kulikonse ankawafunsa dzina lenileni la womwalirayo, iwo n'kutchula dzina la mbalame. Ndipo anabwerako ndi nzeru imodzi yokha, yoti ngati dzina palibe, nkhope ilipo.

Wina angafunse kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani, poti Rozina anakula, anakwatiwa, ali ndi zidzukulu. Amene angafunse choncho sadziwa kukhala wopanda malume kuno kwathu. Pa ukwati wathu ankhoswe a kuchikazi anali obwereka kutchalitchi. Munda umene timalima ndi wopemphedwa, ndipo chaka chilichonse eni ake amasuntha malire ndi mzere umodzi, ife n'kukhala chete. Mwana wathu woyamba atamwalira tinachita kugwada kupempha poti timuike, ndipo anatipatsa kumapeto kwenikweni kwa manda, komwe amaika alendo. Tsiku limenelo a Delifina sanalire. Anabwerera kunyumba n'kukanya dongo mpaka manja anatupa. Rozina yekha sankafuna n'komwe kuyang'ana kamunthu kadongoko. Ankati mayi amene iye amamudziwa ndi amene anamutafunira nzimbe.

Anali ndi lamulo lawolawo pamalirepo. Sankauza munthu aliyense za mphinizo. Anaphunzira movutikira, chifukwa bambo wina anawanamizapo kuti akuwadziwa abale ake a Mpheta, anadya kwathu masiku atatu, n'kuzimiririka ndi nkhuku ziwiri. Kuyambira pamenepo ankati wachibale weniweni sadzafunika kuuzidwa. Adzayang'ana masayawo n'kufotokoza yekha chifukwa chimene mphini sizinakwanire. Ndiye ankangoloza, n'kufunsa, n'kudikira. Ambiri ankapukusa mutu, ena ankaseka, ena ankawaponyera kandalama poganiza kuti ndi opempha, iwo n'kuwabwezera mowagenda.

Maso awo anayamba kuchita ng'ala zaka zingapo asanamwalire. Poyamba ankakana, ankati ndi fumbi la mathiraki. Kenako anasiya kuumba, chifukwa munga wolembera nkhope sankauonanso. Atsikana amene analipowo ndiwo anali omaliza, ndipo anatiletsa tonse kukhudza nkhope zawo kuti zingafufutike. Iwo eni ankawagwira m'miyendo mokha.

Apa ndi pamene ndikulowa ine. Tsiku lina m'nyengo ya mvula Rozina anawatenga molunjika kuchokera pamalire kupita nawo kuchipatala kukaonetsa masowo, ndipo anandisiyira chitini chija kuti ndipite nacho kunyumba. Ndinachimanga pakaliyala. Mvula inandipeza panjira, yamphamvu, ndipo ndinapalasa mothamanga m'malo mobisala. Nditafika ndinapeza chivundikiro chasekula mbali imodzi, nsanza zanyowa. Asanuwo anali bwino. Mpheta ndiye anali pamwamba. Pomuvundukula chala changa chachikulu chinatsetsereka patsaya lake lamanzere, ndipo tsayalo linasalala ngati sipanalembedwepo kanthu.

Ndinachita mantha ngati mwana amene waswa mtsuko. Ndikanadikira n'kuulula, a Delifina akanandinyoza kudzera mwa Rozina sabata imodzi, nkhani n'kutha. Koma ndinafuna kubisa. M'zaka zonsezo ndinali ndisanayang'anepo nkhopeyo pafupi, popeza mkamwini sasuzumira m'katundu wa apongozi, ndipo za mphini zosakwanira ndinali ndisanazimve. Ndinayang'ana tsaya lamanja, ndinawerenga zinayi. Mutu wanga ndi wa wokonza njinga: masipoko a mbali iyi amalingana ndi a mbali iyo, apo ayi gudumu limapotoka. Agogo onse amphini amene ndinawaonapo anali olingana masaya onse. Ndinanola sipoko, ndinalemba zinayi patsaya lamanzere, zooneka bwino, zofanana ndendende. Ndinaumitsa pamthunzi, ndinakulunga, ndipo ndinadziyamikira kuti ndine mmisiri. A Delifina anabwera madzulo, anapapasa miyendo ya atsikana awo, anawerenga kuti alipo onse, n'kutseka chitini.

Kwa zaka ziwiri anakhala pamwala paja akuonetsa anthu nkhope yabodza, ine ndikuwaonera patali tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti ndawononga chiyani.

Tsiku lomwe zinaululika linali la dzuwa, m'nyengo ya manachesi. Chakumasana a Delifina anachoka pang'ono kupita kuseri, n'kusiya beseni m'manja mwa a Nachisale, mayi wogulitsa nthochi amene ankakhala pafupi nawo. Atabwerako, a Nachisale anawauza moseka, ngati nkhani yocheza.

"Iii agogo, mwaphonya mlendo. Kunabwera gogo wina wa kutsidya, wandodo, duku lobiriwira. Anagwada apa nthawi yaitali kuyang'ana wamfupiyu, mpaka misozi. Akuti khutu ili, msinkhu uwu, ndi mkulu wake weniweni amene anapita ndi ankhondo osabwerera. Koma kenako anati ayi, si iyeyu. Akuti wawoyo anamusiya osamaliza kumutema, uyu ndi womalizidwa. Ndiye wadzuka, wapita."

"Wapita kuti?"

"Wawoloka. Anali ndi anthu ake, amamufulumizitsa."

Ine ndinangoona anthu akutembenuka. Nditayang'ana kumsewu ndinaona apongozi anga akuthamanga. Munthu wokalamba, wosaona bwino, wopanda nsapato, akuthamanga pakati pa mathiraki, Mpheta ali m'dzanja, akukuwa m'Chinyungwe. Anagunda galasi la galimoto ndi phewa, anagwa, anadzuka, n'kupitiriza. Ndinataya sipanala n'kuwathamangira. Ndinawapeza pafupi ndi chipata, alonda atawagwira mikono, iwo akulimbana nawo ngati nyama yogwidwa mumsampha. Atamva mawu anga anasiya kulimbana. Anatambasula dzanja, n'kundipatsa Mpheta, ine ndemwe, popanda Rozina pakati.

"Werengani mphini. Maso anga afa. Werengani!"

"Kumanja zinayi, amayi."

"Kumanzere?"

"Zinayi."

Anakhala pansi pafumbi pomwepo. Anayamba kudzimenya mutu ndi zibakera, akunena kuti mutu wawo wawola, manja awo anama, amupha Mpheta kachiwiri. Ankaganiza kuti analakwitsa okha poumba. Apo m'pamene ndinamva koyamba za ziwiri ndi zinayi, akuzibwereza ngati nyimbo ya maliro. Ndikanatha kukhala chete, ndipo palibe akanadziwa mpaka lero. Koma kuona munthu akudzimenya chifukwa cha tchimo lako n'kowawa kuposa kumenyedwa. Ndinagwada pamaso pa anthu onse aja n'kunena za mvula, za chala changa, za sipoko.

Anasiya kudzimenya. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kumaso, koyamba chikwatirire mwana wawo, ndi maso oyera aja. Ndinkadikira temberero, ndipo ndikanalilandira. Koma anangonditchula dzina langa, limene anali asanalitchulepo.

"Gidiyoni. Kwera njinga. Kamupeze."

Ndinawoloka. Ku Zobue ndinazungulira pokwerera magalimoto, pamsika, m'tinjira ta kuseri, ndikufunsa za gogo wandodo wa duku lobiriwira. Ena anati akwera galimoto ya ku Tete, ena anati alowera njira ya kumidzi, ena anandifunsa kuti agogo a maduku obiriwira ndikufuna angati. Ndinabwerera dzuwa likulowa, ndinapitanso mawa lake, ndi mkuja wake. Kwa milungu itatu sindinagwire sipanala. Mbali ya kuno ndinafunsa m'midzi ngati kunali maliro kapena ukwati umene kunabwera alendo a kutsidya. A Nachisale ndinawafunsa mpaka anayamba kundithawa, chifukwa analibe china chowonjezera. Sanafunse dzina, sanafunse mudzi, ndipo sindingawaimbe mlandu poti iwonso sankadziwa.

Tsayalo analikonza ndi Rozina. A Delifina anamukhazika padzuwa, anamupatsa munga, n'kumuuza pomwe ayambire ndi pomwe alekezere. Rozina, amene moyo wake wonse ankathawa nkhope imeneyi, anaigwira m'manja, anafufuta ziwiri zanga zija ndi dontho la madzi, misozi ikugwera pachitenje. Atamaliza ananena chapansipansi kuti ndiye kuti ali ndi mayi aang'ono, amoyo, oyenda ndi ndodo. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

A Delifina sanabwererenso ku mwambo wotuma Rozina. Ankandilankhula mwachindunji, mawu ochepa, onse okhudza chinthu chimodzi. Ankati munthu amene wawoloka kamodzi amawolokanso, ndipo gogo uja akadzadutsa adzayang'ananso, chifukwa mtima wake unatsala pabesenipo. Chimene sankadzikhululukira n'chakuti anachokapo. Zaka zonse zija anakhala pamwala, ndipo mphindi zochepa zimene anapita kuseri ndi zimene mlendo anafika. Ndiye anaganiza zoti asadzachokeponso. Ndipo kuti asamafune kupita kuseri, anasiya kumwa madzi.

Kuyambira m'mawa mpaka chipata chitatsekedwa sankalawa kanthu kamadzi, ngakhale nachesi. Ankamwa akafika kunyumba, pang'ono, ndipo m'mawa osamwa n'komwe. Tinawachonderera. Rozina analira, anawaopseza kuti abisa chitini, iwo anati akabisa adzapita kukakhala pamwalapo chimanjamanja. A Nachisale analonjeza kuti akadzabweranso gogo uja adzamugwira mwendo mpaka iwo abwere, koma a Delifina anati anasiyirapo anthu kamodzi, zakwana. Ine ndinkawabweretsera botolo la madzi tsiku lililonse n'kuliika pafupi ndi phazi lawo. Ankalisuntha ndi chala chakuphazi. Ngakhale a Fulaye, mdani wawo wakale, anabwera tsiku lina ndi thobwa, anagwada, n'kunena kuti a Kamarada, msilikali amamwa madzi. Anawayankha kuti msilikali wa pa ulonda sachoka pamalo, ndipo a Fulaye ayenera kudziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

Dzuwa la mwezi wa Okutobala kuno silichita nthabwala. Milomo yawo inang'ambika, miyendo inayamba kutupa, mawu anachepa mpaka funso lawo lija linkangomveka ngati kunong'ona. Maso anali atatheratu, ndiye ankafunsa aliyense amene amva mapazi ake, ngakhale ana asukulu, ngakhale ine. Akamva kugogoda kwa ndodo pamsewu ankadzuka n'kutambasula manja. Kawiri konse anagwira munthu wakhungu wopemphetsa, n'kumupapasa kumutu kufuna duku. Tinawagoneka kuchipatala sabata imodzi, madokotala ananena kuti impso zatopa ndipo azimwa madzi ambiri. Atatuluka anagona kunyumba tsiku limodzi, lotsatira lake anandiuza kuti ndiwakweze panjinga. Ndinakana. Anayamba kuyenda okha, akupapasa mpanda. Ndinawakweza.

Anthu amandifunsa chifukwa chimene sindinawamangirire pakhomo. Ndinali nditawalanda kale mlendo wawo, ndipo ndinalibe mtima wowalandanso mwala.

Anamwalira masana, pamwala pomwepo, atatsamira mtengo wa mango. A Nachisale ankaganiza kuti akuwodzera. Mawu omaliza amene anandiuza m'mawa wa tsikulo, ndikuwatsitsa panjinga, anali oti ndiwerenge. Chikonzereni tsaya lija ankandiwerengetsa m'mawa uliwonse, ndipo ndinkayankha kuti kumanzere ziwiri, kumanja zinayi. Tsiku limenelo anagwedeza mutu n'kunena kuti pronto, basi zatha, ndipite ku ntchito yanga. Tinawaika kumapeto kwa manda, pafupi ndi mwana wathu. Rozina anafuna kuti atsikana asanu aja apite nawo m'bokosi, ndipo tinatero. Mpheta anatsala.

Mwala uja ulipobe pansi pa mango. Pakati pake ndi posalala, pamene ankakhala, ndipo kumbali kuli kadzenje komwe chidendene chawo chinkakumba. Pamalire malo ndi osowa, anthu amakanganirana kachigawo kongokwana dengu, koma amayi a nthochi sanaikepo kanthu pamwalapo. Amayala malonda awo uku ndi uku n'kusiya mpata pakati, ngati mkamwa mochoka dzino. Ine ndinasamutsa zitsulo zanga kuchoka kumtunda kuja, tsopano ndimakonzera njinga pafupi ndi mtengowo. Pamwalapo sindikhalapo, ndi pa apongozi. M'mawa ndimavundikira beseni kutsogolo kwake, ndimaimika Mpheta yekha, ndimawerenga masaya. Funso lija ndinaliphunzira m'Chinyungwe, ndipo anthu a kutsidya amaseka katchulidwe kanga, komabe amayang'ana. Ndikamva ndodo pamsewu ndimasiya chilichonse chimene ndagwira. Masana Rozina amabwera ndi botolo la madzi n'kuliika pamthunzi, pambali pa mwalawo, ndipo amaima pang'ono kuyang'ana chakuchipata asanabwerere. Madzulo ndimalinyamula kupita nalo kunyumba lili lodzaza.